Mboni ya Amayi

Detroit, 29 Okutobala 1962

Okondedwa achimwene a Thaddeus,

Landirani moni kuchokera kuno kozizira. Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu anga a Vernice ndi ana? Nanga msana uja unaleka kukuvutani? Ife tili bwino, Mulungu akutisunga.

Nkhani za kuno n'zochepa. Bambo a Loretta awasamutsira kopenta magalimoto kufakitale kuja, ndiye amabwera maso ali psuu, chakudya osachifuna. Loretta anavutika ndi chifuwa sabata ziwiri koma wabwerera kusukulu. Mapaipi otenthetsa m'nyumba afanso, mwini nyumba akungoti mawa, mawa, ife n'kumagona titavala majuzi. Ine ndikadali kochapa nsalu kuchipatala kuja.

Koma chimene ndakhalira pansi si mapaipi ayi.

Mukukumbukira zimene munandilembera mu Julayi, nditakufunsani za amayi ndi khumbo lawo lolembetsa kuti azivota. Munati kwathuko aliyense wolembetsa amayenera kubwera ndi mboni, munthu amene ali kale m'kaundula wa ovota, ndipo mboni imodzi siiloledwa kuimirira anthu oposa awiri pachaka. Munati awiri anuwo munawamaliza mu Febuluwale, ndiye amayi adikire chaka chamawa. Ndinakukhulupirirani. Kalatayo ndinawawerengera bambo a Loretta monyadira, kuti aone mlamu wawo akuthandiza anthu.

Dzulo kutchalitchi ndinakumana ndi mayi Arzula Crenshaw, akazi a adikoni a kwathu aja. Abwera kudzathandiza mwana wawo amene wabereka kumene. Ndinawatengera kunyumba, tinadya nkhuku ndi chigumu, tikuseka za anthu akumudzi. Kenaka ndinati n'zachisoni kuti amayi anafika mochedwa, achimwene atamaliza kale awiri awo. Mayi Arzula anaika foloko pansi.

"Awiri ake ati, mwanawe?"

Ndinawafotokozera. Anangopukusa mutu. Anati adikoni amasunga kope kutchalitchi, lolembamo aliyense wa ife amene ali m'kaundula ndi anthu amene anawaimirira. M'dera lathu lonse lija, anthu akuda ovota alipo khumi ndi mmodzi basi. Khumi anamaliza awiri awo Malichi asanathe, ngakhale amene anawaimirirawo anakanidwabe. Pa dzina lanu palibe kanthu, chaka chino, chaka chatha, kuyambira 1946 pamene munalembetsa.

Ndinayamba kukuikirani kumbuyo, ndinati mwina adikoni anaiwala kulemba. Apo m'pamene anandiuza za Lolemba lachitatu la Seputembala.

Akuti tsikulo anapita ndi amayi kukhoti, kumene amalembetserako ovota, pagalimoto ya adikoni. Anaima mukhonde kuyambira mamawa mpaka dzuwa kupendeka, chifukwa mabenchi anawachotsamo dala. Atalowa, mlembi wa kaundula anawapatsa amayi ndime ya malamulo kuti awerenge mokweza ndi kukopera. Achimwene, akuti anawerenga osaphonya liwu limodzi. Miyezi isanu ndi umodzi akhala akuphunzira malamulo aakulu a boma la kwathu la Alabama ndi a dziko lonse, ndi magalasi a malemu bambo aja, omangidwa ndi ulusi. Mzunguyo anasowa pogwira, ndiye anafunsa kuti, "Iwe Idella, mboni yako ili kuti?" Amayi a zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zinayi, akuwatchula dzina ngati kamwana.

Amayi anayankha kuti mwana wawo ali m'chipinda chapamwamba, pamsonkhano wa akuluakulu a masukulu, atsika posachedwa. Anatuluka kukakudikirani pansi pa masitepe, chitseko cha mlembi chili chotsekula. Ndipo munatsikadi, chipewa chili m'manja. Mayi Arzula akuti anakuitanani kawiri, "Aphunzitsi! Aphunzitsi!" Munaima, maso anu anakumana ndi a amayi, kenaka munatembenuka n'kutulukira khomo lakumbuyo.

Mlembi uja anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Mwana wako yemwe sakukudziwa, nanga ine ndikudziwe bwanji?" Pepala la amayi analiponya m'dirowa, n'kuitana wotsatira.

Ndili nayo pano kalata imene amayi anandilembera sabata yomweyo. Muli za mtedza wa pekani kuti wabereka bwino, za nkhuku imene inagwidwa ndi galu wa aneba. Za kukhoti anangoti mzere unali wautali, nthawi inatha. Ndipo akuti pobwerera m'galimoto muja anawauza mayi Arzula kuti, "Sanandione, mukhonde muja simuoneka bwino." Mpaka lero akukubisirani. Chimenechi ndicho chandiliritsa koposa zonse.

Ndani anakuphunzitsani kuwerenga, achimwene? Ndani anasita malaya a azungu zaka zonse zija kuti inu mufike kukoleji, ine n'kusiyira sukulu panjira? Sindinadandaulepo. Tsiku limene munalembetsa, mutangobwera kunkhondo, bambo anakutsatirani mpaka kukhoti n'kukudikirani panja padzuwa. Pobwera anauza msewu wonse kuti mmodzi wa ife walowa, awatsekulira enawo. Anamwalira akukhulupirira zimenezo, osaponyapo voti ngakhale kamodzi.

Sikuti sindikudziwa mantha anu. Ndikudziwa kuti amene amakulembani ntchito ya uphunzitsi waukulu amadyera tebulo limodzi ndi mlembi uja. Ndinamva za mphunzitsi wa dera loyandikana nalo amene anamuchotsa ntchito ataimirira mlongo wake. Muli ndi ana atatu. Bambo a Loretta anandiuza kuti ndisakuweruzeni ndili kuno, kumene ndinangolemba dzina ndi keyala n'kupatsidwa khadi lovotera, popanda wondifunsa ndime kapena mboni. Akunena zoona. Lachiwiri la sabata yamawa ndikaponya voti pasukulu ya Loretta, ndipo palibe adzandiwotchere nyumba.

Koma mukanandilembera kuti mlongo wanga, ndikuopa, ndikanalira nanu limodzi. Tikanafunafuna njira ina. M'malo mwake munandipangira anthu awiri amene kulibe, ine n'kumakutamandani kwa aliyense. Munawasiya amayi akusita diresi lawo, akukwera galimoto, akuimirira tsiku lonse ndi mawondo aja, akudalira inu.

Pempho langa ndi limodzi. Alembi a kaundula akhalanso pa 19 Novembala. Pitani mukaimirire amayi. Mukalembe dzina lanu pansi pa lawo, mukanene kuti mayi awa ndikuwadziwa. Mwina akawakanabe pa chifukwa china, amatero anthu amenewo, koma asakawakane chifukwa cha inu. Ngati simungathe, pitani kunyumba kwawo, mukhale pansi, muwauze ndi pakamwa panu kuti munawaona tsiku lija. Asamasenze bodza lanu okha.

Ine ndapempha tchuthi kuntchito, andipatsa masiku asanu. Ndikwera basi, ndifika Loweruka pa 17. Dzina langa lilibe ntchito kumeneko, pakuti ndine wa kuno ku Michigan tsopano, koma miyendo ndili nayo, ndikaima nawo pamzere. Amayi sindinawauze kuti ndikudziwa, ndipo sindiwauza. Musavutike kudzandichingamira kudepoti, adikoni adzanditenga. Sindidzafikanso kunyumba kwanu ulendo uno. Mukafuna kundiona, mukudziwa kumene ndidzakhale Lolemba m'mawa.

Mundiperekere moni kwa alamu a Vernice, iwo ndilibe nawo chifukwa. Ana atatuwo muwauze kuti azakhali awagulira masokosi a ubweya, ndidzawasiya kwa agogo awo. Moni kwa amalume a Hosea ndi azakhali a Lovie, ndi kwa adikoni. Bambo a Loretta akupereka moni. Loretta akuti ndiuze amalume ake kuti wakhoza masamu, akufuna kudzakhala mphunzitsi ngati inu. 

Ndine mlongo wanu wobadwa nanu mimba imodzi,

Ozella