Tiyi wa Abiti Amiri

Lolemba, 9 Juni 2025
Akubwera! Abiti Amiri, mayi ake a Hamza wanga, Lachisanu masana, kudzandiona ine. Hamza wandiuza kudoko akusoka ukonde: iwowo akandikana, ukwati palibe. Vuto ndi ili: kuchipatala anawaletsa shuga, ndipo chowawa chilichonse amalavula pomwepo, ngakhale pagulu. Tiyi wa kugolosale wopanda shuga? Ndatha ine. Komabe tsiku lonse kumangoseka ndekha ngati chitsiru.

Lachiwiri, 10 Juni
Ndayamba kuyesa masamba. Wolawa ndi a Baba, sanafunsidwe n'komwe. A gwafa: alavulira nkhuku. Chidede: kufiira kokongola, koma kuwawasa mpaka atsinzina. Chammwamba: akuti, "Izi ndi ndiwo, bweretsa mchere." Ndaseka mpaka misozi. Masiku akutha, Mariamu iwe!

Lachitatu, 11 Juni
Ndaupeza! Udzu wa mandimu uja wa kuseri kwa bafa, jinja pang'ono, osawiritsa nthawi yaitali. Fungo lake, mayo ine! A Baba makapu awiri, shuga osamufunsa. Ndavina ndekha kukhitchini. Kunja mwera, ine thukuta.

Lachisanu, 13 Juni
Bola nthaka ingondimeza. Phuma langa! Ndinatola kapoto kamene a Baba amawiritsira nimu akamva malungo. Abiti Amiri atangomwa kamodzi, nkhope kukwinyika. Sanalavule. Anamaliza kapu yonse, n'kutsanzika. Nditalawa wotsala, ndulu yeniyeni. Ndalira, ndaliranso.

Lolemba, 16 Juni
Hamza zii. Foni ndayang'ana mpaka batire kutha.

Lachitatu, 18 Juni
Abiti Amiri abweranso! Atulukira m'mawa pa kabaza, okhaokha, ketulo yawo pamiyendo. Akuti, "Phikanso, koma muketulo muno. Nimu ndimam'dziwa ine." Ndaphikamo udzu wa mandimu uja. Makapu atatu! Atatu! Kenako akuti, "Kapu ija ndinamaliza chifukwa manja ako amanjenjemera. Moyo wanga wonse sindinamezerepo munthu chowawa."

Pochoka andituma khasu. "Zula tsinde limodzi la udzuwu ndi mizu yomwe, ndikadzale kwathu. Koma ine msana, mwanawe. Wothirira udzakhala iwe."

A Baba akuti ndinakuwa mpaka abakha kubalalika. Hamza sakudziwabe. Bwato lawo likuoneka apo, mpango wanga uli kuti