Dzina Loti Kumanda Kwathu Salidziwa

Kariba,
26 Januwale, 1958.

Okondedwa achemwali anga a Sesiliya,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi chifuwa cha amayi chija chinaleka? M'kalata yanu simunatchulepo, ndiye ine ndikungoti mwina chakula ndipo mukundibisira. Kuno ndili bwino, kungoti msana wonse watuluka totupa chifukwa cha kutentha, ndipo fumbi la simenti landisasitsa mawu.

Kalata yanu yonena kuti mkazi wanga Yosefina wachira, mwana wamwamuna, inandipeza Lachinayi. Inayenda masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Ndinaiwerengera pamzere wolandirira phoso, ndipo anzanga atamva anandinyamula m'mwamba mpaka ufa wanga unatayika. Koma nditafika pamene munalemba kuti a Wilbroad, malume ake a Yosefina, akufuna kudzutsanso dzina la Matiyasi, ndinapinda kalatayo n'kuchoka pamzere. Kuyambira tsiku limenelo chakudya sichikulowa bwino.

Achemwali, inu munalipo pa maliro onse awiri. Mwana wathu woyamba tinamutcha Alfonsi, dzina la malemu atate athu, anakhala miyezi isanu ndi iwiri. Wachiwiri anamutcha Matiyasi, dzina la malemu agogo ake a Yosefina, sanafike n'pokwawa pomwe. Onse awiri anatsatira eni maina. Ine ndaganizira nkhaniyi kwa zaka ziwiri. Sindikuti anthu anapita aja ndi oipa, ayi. Koma akamamva dzina lawo likuitanidwa pakhomo m'mawa ndi madzulo, amabwera kudzaona amene akuwaitana. Akapeza kamwana kokongola, amakakonda.

Ndikudziwa kuti akatekisiti a Simoni anganene kuti awa ndi maganizo achikunja, ndipo mwina akhoza kunena zoona. N'chifukwa chake kalata iyi muwerenge nokha. Musaipereke kwa iwo kuti aiwerenge pakhonde la tchalitchi monga zinzake zija.

Amayinso ndikuwadziwa, adzati mwana wobwera pambuyo pa maliro azitchedwa Manda kapena Dothi kuti imfa imunyoze. Zimenezonso muwakanize mwaulemu. Mwana ameneyu adzapita kusukulu, adzapitirira pamene ine ndinalekera. Asamakaitanidwe Dothi pamaso pa anzake.

Chimene ndinafuna ine ndi dzina loti kumanda kwathu ndi kwa Yosefina kulibe amene analimvapo. Ndinayamba kulifuna mwezi wa Okutobala, mutangondiuza za pakati. Kuno m'komboni muli anthu a mitundu yonse, Atonga, Alozi, Asena, Andebele. Ndinkawafunsa maina awo n'kumalemba pa pepala la thumba la simenti, ndiponso ndinkafunsa ngati kwawo anthu a dzina limenelo amakalamba. Anzanga a m'chipinda ankandiseka, ati ndasanduka kalaliki wa kwa DC wopanda desiki. Mlozi wina anakwiya kwambiri, anayesa ndine kapirikoni, kazitape wa boma wolemba anthu a ndale, anatsala pang'ono kundimenya ndi fosholo. Maina ena anali okoma, koma ndinaona kuti bambo mfumu sangawalembe m'buku la ubatizo.

Kenaka ndinalipeza pafupi, pamene ndimagwira ntchito. Ine ndimapatsira masipanala Mtaliyana wina wokonza makina osakanizira konkire. Ndi munthu wamfupi, wadazi, amaimba tsiku lonse ndipo amadya anyezi wosaphika ngati bwemba. Dzina lake ndi Gayitano. Timamvana m'Chilapalapa chothyokathyoka ndi manja. Tsiku lina ndinamufunsa za dzina lakelo. Anatulutsa chithunzi m'chikwama, n'kundionetsa agogo ake, nawonso a Gayitano, atakhala pampando, m'kamwa mulibe dzino n'limodzi lomwe, koma akuti amakwerabe bulu. Anawerenga ndi zala a Gayitano anayi a pamtundu pawo, onse amoyo. Ndinamufunsa kawiri ngati palibe Gayitano amene anafa ali wakhanda. Anaseka mpaka anakhala pansi, koma ataona kuti ine sindikuseka anasiya, n'kulumbira atagwira mendulo ya m'khosi mwake kuti iye sadziwapo aliyense.

Ndaganiziranso kuti Ataliyana nawonso ali ndi akufa awo. Koma amenewo agona kutsidya kwa nyanja yamchere. Njira ya kwathu ku Foti saidziwa, ndipo ngakhale atafika ku Lusaka, sindikhulupirira kuti angapirire basi ija mpaka kuwoloka Luangwa.

Lamulungu lapitali ndinadikira wansembe amene amabwera kudzachita Misa kuno. Za mantha angawa sindinawauze, ndinangofunsa ngati Gayitano ndi dzina la woyera. Anati inde, tsiku lake limakhala mu Ogasiti, ndipo anandilembera pakapepala. Kapepalako ndakaika m'kalata muno. Musakataye, musakanyowetse, ana asakaseweretse. Mukakaonetse bambo mfumu akadzafuna kukana.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Munalemba kuti Yosefina anatuluka m'chikuta koma wakana kuti mwana atchulidwe mpaka mawu anga afike, ndipo kuti malume ake angomulola kufikira tsiku la ubatizo, Lamulungu lachitatu la Febuluwale. Ndawerenga pa kalendala ya m'kantini. Kalata iyi ikayenda monga inayendera yanu, ifika kwa alamu ku Kapata Lachisanu, kutatsala masiku awiri. Mvula ikagumula msewu, sindidziwa. Chonde mukangoilandira musadikire kumaliza kupalira mtedza. Nyamukani tsiku lomwelo, mutenge tambala wanga wofiira amene ali kwa amayi, mupite kwa a Wilbroad.

Mukawauze kuti ine sindikuwaderera. Ndine mkamwini, mwana ndi wa mbumba yawo, zimenezo ndikuzidziwa. Dzina la agogo Matiyasi silingafe, aliko adzukulu ena amene angalitenge, ana a maere abwino. Koma pakhomo panga linayesedwa kale. Akakwiya, inu musayankhe mokweza monga mumachitira, ingokhalani pansi mpaka mtima wawo utsike. Akati dzinalo ndi lovuta kutchula, muwauze kuti ngakhale lawo lija linavuta anthu chaka chathunthu, koma mawu amenewa muwanene pokhapokha akakhala kuti ayamba kuseka.

Ndikanakhala ndi mapiko ndikanabwera ndekha. Ndinapempha tchuthi, anati mpaka chilimwe, chifukwa madzi a Zambezi akukwera ndipo ntchito yachuluka. Mtsinje umenewu mkokomo wake suleka. Zitsamba zonse za m'mbali zamira, ndipo tsiku lililonse timaona mitengo yathunthu ikupita ndi madzi. Amayi musawauze zimenezi. Ine ndimagwira kumtunda, kutali ndi madzi.

Nthawi ngati ino kwathu chimanga chili m'chiuno, ndipo mapiri a ku Mwami amakhala atafunda mtambo m'mawa. Kuno kulibe munda, kuli miyala ndi mafumbi basi. Dzulo ndinaona mkazi wa kapitawo wathu akusambitsa khanda m'beseni kuseri kwa nyumba, ndinaima n'kumayang'ana mpaka ndinachita manyazi. Wanga sindidziwa ngati ali ndi tsitsi. Sindidziwa ngati watenga mphuno ya kwathu. Alfonsi ndinamunyamula, Matiyasi ndinamunyamula. Uyu manja anga sanamukhudze, ndipo chimene ndingamutumizire kuti chimukhale pathupi masiku onse ndi dzina lokhali.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze amwe mankhwala aja osasiyiza. Moni kwa alamu ndi ana onse, kwa azakhali, ndi kwa apongozi anga onse awiri. Kwa a Wilbroad moni wanga muupereke musanayambe nkhani. Yosefina mumuuze kuti ndamva zimene wachita poima yekha pamaso pa malume ake, ndipo kuti ndikufuna tsiku lina anthu adzaleke kumuitana amake Alfonsi, dzina limene limamugwetsa nkhope nthawi zonse.

Mwanayo mumunyamule inuyo m'malo mwanga. Muike pakamwa panu pakhutu pake, mulitchule pang'onopang'ono, Ga-yi-ta-no, osakweza mawu. Mudzandilembere ngati analira kapena anakhala chete.

Ndipo ngati kalatayi yachedwa, mwapeza atalemba kale Matiyasi m'buku, musandinamize pondimvera chisoni. Mundiuze zoona, ndidzazolowera. Pakuti ine kuno ndayamba kale kumutchula Gayitano m'mapemphero anga, ndipo sindifuna kumapempherera mwana amene kulibe.

Tsalani ndi Mulungu, achemwali.

Ndine mlongo wanu wakutali,
Andireya Miti.