Nsomba Zopanda Bala

Agege, Lagos
14 Julaye

Okondedwa Bambo,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa Amayi ndi wa onse pakhomopo. Ine kuno ndikudzuka bwino, kungoti chimfine cha mvula ino chinandigoneka masiku atatu n'kundisiya. Koma funso la moyo wanulo musathamangire kuliyankha. Yambani mwawerenga kalata yonse, chifukwa yankho lanu la pa foni lija ndatopa nalo. Mumangoti muli gwa, kenako foni mwapatsira kale Amayi. N'chifukwa chake ndasankha pepala, ndipo ndalipereka m'manja mwa a Ochuko, adalaivala amene amanyamula nsomba zanu kuchokera ku Sapele, kuti likupezeni inuyo osati wina.

Kuno mvula yatikwana. Msewu wathu wasanduka mtsinje, koma mtsinje wake wonyansa, wopanda ngakhale kansomba kamodzi. Denga la chipinda changa likudontha pamutu penipeni pa bedi. Nditawauza eni nyumba anati ndisunthe bedi, ngati kuti chipindacho chili ndi kosunthira. Zakudya ndikudya, musadandaule. Pali mayi wina pafupi ndi siteji amene amaphika banga, msuzi wa kwathu uja wa zipatso za kanjedza, ndipo ndimagula Lamlungu lililonse ngakhale kuti ndi madzi okhaokha. Ndimadya mokwiya, ndikukumbukira wa Amayi, koma sabata yotsatira ndimapezeka ndabwereranso.

Kuntchito zasintha pang'ono. Mayi Shonibare, abwana athu, anandichotsa kolongedza n'kundiika m'chipinda chofikira nsomba zatsopano. Muli mathanki agalasi makumi asanu ndi limodzi, ndipo nsomba iliyonse imagona mmenemo masabata awiri isanakwere ndege kupita kwa azungu okaiweta ngati chokongoletsera nyumba. Ikadwala, mlandu ndi wanga. A Rasaki, mkulu amene wagwira ntchitoyi kuyambira ndisanabadwe, anandipatsa dzina loti Dokotala wa Ndiwo. Akuti kwawo nsomba ikadwala amaithira tsabola, osati mankhwala. Amandiseka choncho, koma ndi iwo amene andiphunzitsa zambiri.

Ntchito yake yaikulu ndi kuyang'ana basi. M'mawa ndisanathire chakudya ndimayenda pang'onopang'ono thanki ndi thanki. Nsomba ikamadzikhula pamwala, ndiye kuti pali chimene chikuiyabwa. Ikafinya zipsepse n'kukakhala payokha pakona, mawa lake mupeza timadontho toyera ngati mchere thupi lonse, makamaka nyengo yozizira ino. Ina imamera zoyera ngati thonje pabala. Ina mchira umangonyenyeka. Ndikakayika ndimapala pang'ono thelezi la pakhungu, n'kuliika pa kagalasi, n'kuyang'ana m'makina okuza zinthu, ndipo tizilomboto ndimationa tikuzungulira. Zikatero mtima umakhala pansi, chifukwa matenda ooneka ali ndi mankhwala ake. Kwina ndi mchere, kwina mankhwala obiriwira, kwina kungosintha madzi tsiku ndi tsiku. Nsomba zanu za chitamba zokha, zija za mlomo wautali ngati chitamba cha njovu, ndi zimene sizifuna dzanja lolemera. Khungu lake ndi lofewa, moti ndimathira theka la muyezo, apo ayi mankhwalawo ndi amene amazipha.

Tsiku limene ndimalikonda ndi lobwera a Ochuko. Lamulo la pano ndi loti madzi a m'matumba tizitaya, asalowe m'thanki. Ine ndimataya ndithu, koma ndimayamba ndaviika dzanja. Madzi a mtsinje wathu ali ndi fungo lawo, la masamba oola ndi mizu, ndipo ndikamasula thumba lanu ndimakhala ngati ndaima padooko m'mawa inu mukukankha bwato. Tsiku lina a Rasaki anandipeza nditaweramira thumba, n'kufunsa ngati ndayamba kupemphera kwa nsomba. Ndinaseka nawo, koma kunena zoona ndinali pafupi kulira. Ndakusowani, Bambo. Miyezi isanu ndi iwiri ndi yambiri.

Tsopano nkhani imene yandilembetsa kalatayi ndi iyi. Maulendo atatu apitawa nsomba zanu zikufa. Zikafika zimaoneka bwino, koma tsiku lachiwiri zimakwera pamwamba kumapuma movutikira, chitamba chili lende, ndipo pofika lachinayi ndimakhala ndikuchotsa zakufa ndi kaukonde. Ulendo wathawu, mwa mazana atatu, zatsala makumi anayi ndi ziwiri.

Poyamba ndinadziimba mlandu ndekha. Ndinayeza madzi athu, ndinatsuka mathanki, ndinasintha timapaipi ta mpweya. Kenako ndinakalipira a Ochuko kuti mwina amaima nthawi yaitali padzuwa ku Ore akudya. Munthu wamkulu analumbira mpaka kuvula chipewa, nati nsomba za anthu ena zimene amanyamula m'galimoto lomwelo bwanji sizikufa. Ndinawapepesa, chifukwa ananena zoona. Ndinapala khungu la nsomba khumi n'kuyang'ana m'makina mpaka maso kuwawa, osapeza kachilombo ngakhale kamodzi. Ndinathira mchere, osathandiza. Mankhwala sindinathire, poti sindikanadziwa chimene ndikuchiza.

Ndi a Rasaki amene ananditsegula maso. Anatenga imodzi yakufa, n'kukweza chivundikiro cha makha mopumira muja, n'kundionetsa. Munali motuwa, motupa, mwathelezi, m'malo mofiira. Kenako anaitembenuza uku ndi uku, n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, “Dokotala, nsomba ya bambo ako yopanda bala unaionapo liti?”

Bambo, mawu amenewo anandilasa. Inu mumagwira nsomba pomiza mitolo ya nthambi pansi pa mizu, n'kudzamira nokha kukaikweza ukonde uli pansi pake. Nsomba yogwidwa choncho imalimbana, ndipo imafika kuno itakalika pachibwano kapena pamsana. Timabala timeneto ndimatidziwa ngati mmene ndimadziwira kalembedwe kanu. Ndimatipoletsa ndi mchere masiku atatu, nsomba n'kukhala yamphamvu kuposa za wina aliyense. Koma za maulendo atatuwa ndi zosalala, zokongola, zopanda pokalika paliponse. Nsomba imeneyo sinalimbane ndi munthu. Inatoledwa pamwamba pa madzi italedzera.

Ndinabwerera kumene tinaunjika matumba, n'kununkhiza limodzi limene munatsalira timadzi. Pansi pa fungo la kwathu panali kafungo kena kowawira, ka masamba osinja. Ndi katupe, Bambo. Mukuthira pang'ono kuti zingoyandama, kenako mukuzitsitsimutsa m'madzi abwino, ndipo zikumadzukadi. Koma mopumira mumakhala mutapsa kale, ndipo zimadzafera m'manja mwanga.

Sindikulemba kuti ndikuchititseni manyazi. Ndikanamva kuti wachita zimenezi ndi munthu wina, ndikanangoti ndi ulesi. Koma inu ndi amene munathamangitsa amalume a Edafe ndi nkhafi pamaso pa mudzi wonse atasinja katupe kumtunda kwa dooko. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndikukumbuka mukukuwa kuti munthu wothira mankhwala mumtsinje ndi mfiti yodya ana ake omwe. Chaka chathunthu simunalankhulane. Munthu ameneyo sangasinje katupe chifukwa chofuna kupuma. Angasinje pokhapokha ngati sakuthanso kumira.

Nditaganiza zimenezo ndinayang'ananso pakamwa pa matumba. Inu mumamanga ndi mphira, kuzunguliza kasanu n'kukoka mpaka ine kuno kuchita kudula ndi mpeni. Awa anamangidwa mfundo iwiri yopingasa, mmene Amayi amamangira matumba a gari, ufa wa chinangwa uja. Ndiye kuti ngakhale kukoka mphira kukukuvutani, ndipo Amayi akudziwa, ndipo nonse awiri mwagwirizana kundibisira. Pamenepo ndinakwiya, ndisaname. Ndinakhala pa chidebe m'chipinda muja mpaka nthawi ya nkhomaliro inadutsa.

Ndi chiyani, Bambo? Ndi chifuwa? Ndi dzanja? Pa Khirisimasi ndinaona mukupuma kawiri pokwera kuchokera kudooko, ndipo kapu mumanyamulira kumanzere. Nditafunsa munati mukusungira dzanja lamanja ntchito, tonse n'kuseka. Ndikudzida kuti ndinaseka nawo. Ine amene ndimadziwa kuti kansomba kadwala pongoona mmene kapindira chipsepse, bambo anga ndinawayang'ana sabata yathunthu osaona kanthu.

Mayi Shonibare anandiitana Lachitatu. Anati wogula wa ku Germany akudikira nsomba za chitamba, ndipo ulendo wotsatira zikafanso asiya kutenga za kwathu, ayamba kugula kwa asodzi a ku Epe. Anandifunsa ngati ndapeza matenda. Kunama sindinafune, komanso dzina lanu linandikanika kutuluka pakamwa. Ndinangoti ndapeza, si opatsirana, mathanki ena ali bwino, ndipo gwero lake ndikalikonza ndekha akandipatsa masabata awiri. Anandiyang'ana nthawi yaitali pamwamba pa magalasi awo, kenako anati, “Iwe mwana wa ku Delta, masabata awiri ndakupatsa. Koma ukadzabwera udzandiuze zonse, usadzandizungulitse ngati minibasi ya danfo.” Ndi munthu wolusa pakamwa koma si woipa mtima, ndipo tsikulo ndidzawauzadi zonse.

Makumi anayi ndi ziwiri zija zilipo. Ndinaziika m'thanki yakumapeto kopanda phokoso, ndinaphimba ndi nsalu kuti mukhale kamdima, ndinawonjezera mpweya, ndipo madzi ndikusintha pang'ono m'mawa uliwonse. Mankhwala palibe amene ndathira. Dzulo zisanu ndi imodzi zinayamba kufufuza nyongolotsi pansi ndi zitamba zawo. A Rasaki akuti zikayamba kudya ndiye kuti zakhululuka. Ndakuuzani izi kuti mudziwe kuti chinthu chikadziwika msanga chimachizika, ngakhale chitafika poipa.

Pempho langa ndi limodzi lokha. A Ochuko akabwera pa 26, musatumize nsomba. Musasinje kanthu, musamize mtolo, musawavutitse Amayi ndi matumba. Mukwere inuyo, kutsogolo, pampando wa pawindo. Ndalankhula nawo kale ndipo avomera, akuti bola musawaphunzitse kuyendetsa galimoto m'njira. Pali chipatala pafupi ndi kuntchito kwathu kumene amajambula chifuwa ndi kuyeza magazi tsiku limodzi, ndipo ndakalembetsa kale dzina lanu. Mudzagona pabedi langa, ine pamkeka, ndipo denga ndilimata musanafike.

Ndikudziwa zimene munene. Munena kuti Lagos ndi phokoso, kuti simunagonepo m'chipatala chibadwire, kuti mukadumpha ulendo umodzi a ku Epe alanda malo anu. Za malowo ndisiyireni ine. Mwana wa amalume a Edafe, Okiemute, ndi munthu wamkulu tsopano, ali ndi banja, ndipo amamira bwino. Mutamuonetsa pamene mumamiza mitolo, nsomba za kwathu zingapitirire kubwera ndi dzina lanu. Ndikudziwa kuti kukapempha kunyumba imeneyo n'kowawa, koma n'kopepuka kuposa zimene mukuchita panozi muli nokha.

Mundiperekere moni kwa Amayi, ndipo muwauze kuti mkwiyo wanga watha, koma akonzeke kundifotokozera. Moni kwa azakhali a Erhuvwu, kwa achimwene a Mudiaga ndi alamu anga, kwa amalume a Edafe ndi onse a kunyumba kwawo, ndi kwa ana onse. A Rasaki akuti ndikupatseni moni ngakhale simunaonane, akuti akufuna kugwira dzanja la munthu amene nsomba zake akhala akuzilandira zaka makumi awiri.

Pa 26 ndidzaima pageti kuyambira masana. Galimoto likadzafika n'kutsika mabokosi m'malo mwa inu, sindidzamasula thumba ngakhale limodzi. Ndidzapereka makiyi a chipinda cha nsomba kwa Mayi Shonibare, n'kukwera pampando umene mwaukanawo, ndipo mawa lake mudzandiona pakhomo ndi chikwama changa, ntchito nditaisiya. Inu munandilipirira sukulu ndi mpweya wa m'chifuwa mwanu kuti ndifike pano. Ngati simukufuna kuti zonsezo zipite pachabe, valani malaya anu abwino aja mukwere.

Ndine mwana wanu wokusowani,

Omonigho