Mbendera Pokhota pa Komboni Yakale

Darlington, Mutare

Okondedwa Malume,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse ku Ntcheu. Kuno tilipo, mkazi wanga Joyleen ndi ana akupereka moni.

Ndinalowa kalabu ya mpikisano wa magalimoto, monga ndinkalakalakira kuyambira ku koleji. Kagalimoto kanga ndinakakonza ndekha, mabuleki ndinawayesa mobwerezabwereza. Koma wongoyamba kumene samulola kuyendetsa msanga. Amayamba waima m'mbali mwa msewu ndi mbendera, kuchenjeza oyendetsa.

Malume, msewu wafumbi wa mpikisanowo anaulambula pa famu ija anatichotsapo. Ine anandiimika pokhota, kuseri kwa komboni yakale, pamene tinaika mlongo wanu, amayi anga. Udzu wakula, koma mtanda wachitsulo uja ndinauzindikira.

Ndinauza wapampando wa kalabu, mwana wa mwini famu watsopano. Anaseka nati, "Mudhara," ndiye kuti mdala m'chinenero cha kuno, "pano palibe manda. Ingogwirani mbendera bwinobwino." Ndinaigwiradi. Tsiku lonse miyala yothowa m'matayala inkagwera pa amayi, ine ndikukupiza kansalu kachikasu. Masana galimoto ina inaterereka n'kutuluka mumsewu pamalo omwewo. Woyendetsa sanavulale, ndipo anthu anawomba m'manja. Zinazo ndidzakuuzani pamaso. Ulendo wanu wodzamanga chiliza muyambe mwauimitsa.

Akuti ntchito ndinagwira bwino, choncho mwezi wamawa andilola kuyendetsa. Sindinakane, Malume. Ndakhala ndikuwerengera liwiro loyenera kudutsira pokhota paja, ndipo chondiwawa n'chakuti ndalipeza.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Crispin