Mwala wa M'chitsime cha Bambo

14 Ogasiti

Okondedwa achimwene,

Uthenga wanu wondiyamikira ndinaulandira. Ndamva kuti kumeneko mukuuza aliyense kuti mlongo wanu watulukira pulatinamu, chitsulo chamtengo wapatali chija. Tasiyani kaye kudzitama, mumve zimene simukuzidziwa.

Anamutulukira si ine, ndi bambo. Chaka chatha, akuzamitsa chitsime chawo cha kuseri kwa nyumba, anakumana ndi thanthwe lakuda, lolemera, lokhala ndi timadontho tonyezimira. Anasunga chibenthu chake m'thumba la jekete, ndipo nditapita kukawaona anandiitanira kuchipinda n'kutseka chitseko.

"Iwe unaphunzira za miyala," anatero monong'ona. "Tandiuza, si golide ameneyu?"

Ndinaseka. Ndinawauza kuti timadonthoto ndi salufa wosakanikirana ndi chitsulo, n'chifukwa chake mwalawo umanunkha ukaumenya ndi hamala. Iwo anakakamira kuti ndikawayezere kuntchito, mtima wawo ukhale pansi. Achimwene, pulatinamu saoneka ndi maso. Amabisala m'timadontho tomweto, m'miyala imene kalekale inali yosungunuka ndi moto pansi pa nthaka. Ndipo kuntchito kwathu, chilichonse chimene chalowa m'makina oyezera zotsatira zake zimakafika kwa abwana, ngakhale mwalawo ukhale wa bambo ako okubala. Nditauyeza wa bambowo, munapezeka pulatinamu.

Lero chimakina chobowola chaikidwa pafupi ndi chitsimecho, chikulira tsiku lonse. Miyala imene chimatulutsa, yaitali ngati makandulo, imabwera m'mabokosi kushedi ya kuntchito kwathu, ndipo woidula ndi kuiyeza ndine ndemwe. Andikweza pantchito, inde, mpaka andipatsa ofesi yokhala ndi fani yokupiza mphepo. Ndimakhalamo mtima ukundiwawa.

Tsopano kampani yathu ya migodiyi yati mvula isanagwe, mzere wonse wa nyumba zathu usamuke. Bambo akuti m'nyumba imene anamanga okha ndi malemu amayi adzatulukamo ali m'bokosi. Aonda, sakudya bwino, ndipo ndikuopa kuti mawu awowo angakwaniritsidwe. Inu ndi amene amakumverani. Bwerani mudzalankhule nawo. Zomangotumiza zithunzi mukumwetulira ndi ana zija zatikwana, kuno zinthu zavuta ndipo ndatopa kuzisenza ndekha. Paja sukulu ya miyalayi munandisankhira ndinu, pomwe ine ndinkafuna uphunzitsi.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi anawo. Bambo nawonso akupereka moni. Ndinapitako Lamlungu, ndinakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, iwo osandiyang'ana n'kamodzi komwe. Nditaimirira kuti ndizipita, anatembenukira kwa aneba awo, ine ndili pomwepo, n'kunena kuti, "Tawauzani a kampaniwa, akamalembera mwana wanga uja, anene kuti ndili bwino."

Ndiye ndanena, achimwene. Ali bwino.

Ine mlongo wanu.