Bambo anga akukana mayeso, mtengo wapasukulu ukuwola

Aphungu,

Ndine mtsikana wa zaka 24. Ndinamaliza digiri ya zankhalango kwathu ku Japan chaka chatha, ndipo ndinabwera kuno ku Taiwan kudzagwira ntchito ndi bambo anga. Iwo akhala akudulira mitengo zaka 36, zisanu ndi ziwiri mwa zimenezi kuno. Ine sindinabwere kudzasenza makwerero moyo wanga wonse. Ndikufuna tikule, tizisamalira mitengo ya m'masukulu ndi m'mapaki, osati minda ya mabwana asanu omwewo chaka ndi chaka. Koma paliponse pomwe ndapita funso ndi limodzi: satifiketi ya ukatswiri wa mitengo ili kuti? Bambo alibe.

Mwezi uno zinthu zafika poipa. Pasukulu ina ya pulaimale pali mtengo waukulu wa kachere umene ana amadyera pansi pake. Mphunzitsi wamkulu, mayi Liao, anatipempha kuti tikauone. Bambo anazungulira thunthu akuligogoda ndi kanyundo kawo kathabwa, anafukula pang'ono pamizu, n'kununkhiza dothi. Kenako anangoti, "Wawola ndi pansi uwu. Namondwe woyamba augwetsa." Basi. Sanalembe ngakhale mzere umodzi.

M'mawa mwake, osandiuza, anabwererako kukathira kamchere ndi mowa wampunga wotchedwa sake kumbali zinayi za mtengowo, monga timachitira kwathu popepesa mtengo wakale tisanaudule. Mlonda wapasukulupo anawaona. Pofika masana makolo onse anali atamva pafoni kuti Mjapani akupha mtengo ndi mchere kuti apeze ganyu yodula.

Pamsonkhano wa komiti ya sukulu bambo wina anaimirira n'kunena kuti, "Madala, za mcherezo tazimva. Tsopano tionetseni pepala." Womasulira ndinali ine, manyazi atandigwira. Bambo anga anandiuza kuti, "Muuze abwere adzagone pansi pake mu Julaye, pepala alitenge akhale nalo." Sindinamasulire. Komiti inagamula kuti mtengo usakhudzidwe mpaka munthu wa satifiketi atauona, ndipo idzakumananso mu Sepitembala. Namondwe amayamba miyezi iwiri izi zisanachitike.

Ndinawatengera mafomu a mayeso a satifiketiyo. Anawaika pansi pa mphika wa maluwa. Akuti, "Mizuho, aphunzitsi anga a Shiomi anandisesetsa masamba zaka zinayi asanandigwiritse lumo. Akadali moyo. Ndikakhale pabenchi kuti tianyamata tindichonge, ndiye kuti ndikunena kuti iwo sanandiphunzitse?" Ine ndinapsa mtima. Ndinati, "Ababa, a Shiomi ali ndi zaka 88 ndipo ali kwathu ku Kanazawa, kumsonkhano wa komiti sabwera." Anakhala masiku atatu osandilankhula.

Aphungu, kodi satifiketi ndi yofunikadi kwa munthu wa zaka 59 amene Chitchaina amachiwerenga movutikira? Ndiwalembetse mwakabisira? Ndili ndi mnzanga, Teng, amene ali nayo satifiketiyo, ndipo wati ndikalemba lipoti iye angosaina, poti alibe nthawi yobwera. Ndatopa ndi kudikira.

M. K., Taichung

Zikomo M. K.,

Wasakaniza nkhani ziwiri, ndipo yachanguyo waiika kumbuyo. Mayeso sangathe Julaye asanafike ngakhale bambo ako atavomera lero. Choncho yamba ndi mtengo.

Sabata ino khala pansi ndi bambo ako uwafunse bwinobwino: nyundo inalira bwanji, mbali iti, pamizu anaonapo chiyani, dothi linkanunkha motani. Iwo alankhule, iwe ulembe. Digiri yako ntchito yake ndi imeneyo. Jambula zithunzi. Kalatayo ikaperekedwe m'manja mwa mayi Liao, deti lilipo, ndipo mupemphe zinthu ziwiri: amange chingwe kuzungulira mtengo kuti ana asamafikepo, ndiponso aitane munthu wa satifiketi, wa zipangizo zoyezera mkati mwa thunthu, mwezi uno usanathe. Kumanga chingwe sikufuna komiti. M'kalatamo mulembenso kuti ntchito yodula, ikadzakhalapo, simukuifuna, apatse ena. Ndi zokhazo zimene zingatseke pakamwa anthu a nkhani ya mchere. Ndikudziwa kuti zikupweteka chifukwa sukulu ndi zomwe ukufuna, koma panopa chofunika n'choti mawu a bambo ako amveke. Za mcherewo ufotokoze wekha pamaso pa makolo, osachita nazo manyazi. Tsiku lija unasankha wekha zoti umasulire. Ulendo uno unene zonse zofunika, zamwanozo uzisiye.

Tsopano za satifiketi. Inde, ndi yofunika, makamaka kwa munthu wogwira ntchito kunja. Ku Kanazawa dzina la a Shiomi limatsegula zipata, chifukwa anthu anaona minda yawo. Kuno palibe akuwadziwa. Pepala silipatsa munthu luso, limangouza alendo kuti pali ena amene anamuyesa. Ndipo undimvetse: bambo ako anakulira pa mitengo ya paini ndi chipale chofewa, pomwe kachere wa dziko lotentha ali ndi matenda akeake. N'kutheka ali olondola, ndipo ine ndikuganiza choncho, koma kuwerengera mayeso kungawaonjezere kanthu.

Koma kuwalembetsa mwakabisira ayi. Munthu wa zaka 59 sakokeredwa m'chipinda cha mayeso ngati mwana wokana jakisoni. Iwo sakuopa mafunso, akuopa kunyoza mphunzitsi wawo. Ndiye pita kumene kuli vutolo. Apemphe kuti mulembere limodzi a Shiomi, mwaulemu, kufotokoza mmene zilili kuno ndi kupempha chilolezo. Mkuluyo akati "kalembe," bambo ako adzapita okha. Funsanso ngati mayesowo amalembetsa m'chilankhulo china. Ndipo usadzawatchulenso a Shiomi mwachipongwe chija. Kapepese.

Bambo ako akakanabe, bwanji osalemba iweyo? Ukufulumizitsa bambo ako pa chinthu chimene iwe mwini ulibe. Fufuza kuti amafuna zaka zingati za ntchito, uyambe kulemba tsiku lililonse lomwe wagwira nawo. Makwerero ukuwadawo ndi amene adzakuyenereze. Kampani yanu ikhoza kuyenda bwino ndi manja a bambo ndi pepala la mwana.

Chenjezo langa lili pa Teng. Usalole kuti asaine lipoti la mtengo umene sanaukhudze. Zikadzaululika, ndipo pasukulu pamene mlonda amaona ngakhale kamchere zidzaululika, komiti idzataya lipotilo, bambo ako adzatchedwa abodza kawiri, ndipo ana adzabwerera kukadyera pansi pa mtengo umenewo. Ngati ndi mnzako weniweni, akwere njinga yamoto abwere adzayeze yekha. Ngati alibe ola limodzi la ana a eni, funa wina.

Aphungu