Mbendera ya Bambo Yapita ndi Fodya

Wimbe, Kasungu
27 Ogasiti 2010

Okondedwa achimwene Aloysius,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tadzuka, koma mtima wanga suli m'malo. Ndalemba kalata chifukwa nkhaniyi si ya pa foni. Mukudziwa kuti netiweki timaipezera pachulu cha kumsika paja, pomwe aliyense wodutsa amakuthandiza kumvetsera. Ndapatsira aFumbani amene akubwerera kumeneko mawa.

Ndi nkhani ya mbendera ya bambo, ija anakweza ndi manja awo pasukulu yathu tsiku la ufulu mu 1964. Mukumbukira kuti itayamba kutuwa, aphunzitsi aakulu anawapatsa m'malo moitaya. Zaka zonsezi yakhala m'sutikesi yachitsulo, pakati pa masamba a fodya kuti njenjete zisaiboole. Chofiira chija tsopano chikufanana ndi dothi la katondo, zigamba za malemu mayi zachita kuchuluka, koma dzuwa lotuluka lija likadaoneka. Chaka chilichonse pa 6 Julayi amaiyanika pachigafa, ndipo chaka chino anateronso mudzi wonse ukuona.

Mwina mwamva kuti boma lasintha mbendera. Yatsopanoyi ili ndi dzuwa lathunthu loyera, akuti poti dziko latukuka. Ine chitukukocho ndikadachifunafuna kuseri kwa nyumba. Tsopano mbiri ili ponseponse yoti wopezeka ndi yakale amangidwa. Sabata yatha kunabwera aSteven, atcheyamani a chipani kuno, omwenso sasowa pansi pa mtengo polemba mayina a makuponi a feteleza. Anamwa thobwa, anafunsa za mwendo wa bambo wovuta uja, ndipo potsanzika anangoti kansalu kaja katigonetsa ndi njala chaka chino. Anati abweranso ndi anzawo kudzaona m'nyumba.

Alamu anu aErnest anachita mantha, ndipo sindiwada, popeza popanda kuponi chimanga chathu chimathera m'mawondo. Anati mbenderayo tiitenthe, m'sutikesimo tiikemo chitenje, bambo maso anafooka sadzadziwa. Ndinakana kwamtuwagalu. Tinakangana mpaka nkhuku zinathawa pabwalo.

Apa ndiye nzeru zanga zinandipweteka. Tsiku limenelo tinkadinda belo lomaliza la fodya. AErnest atapita kukabwereka singano yosokera chiguduli, ndinaipinda mbenderayo n'kuilowetsa pakatikati pa fodya, pamwamba n'kuyala masamba. Atabwera anapondereza ndi jeke yodindira fodya n'kusoka, osadziwa kanthu. Ndinkati ndani angang'ambe belo losoka kale? Lole ya kalabu yathu ya alimi tinkaiyembekeza mwezi wamawa, ndiye ndinaganiza kuti aSteven akafufuza n'kupita, ndimasula mwakachetechete.

Lole inabwera Lachiwiri, ine ndili kumaliro ku Kapelula. Pobwera ndinapeza pachigafa palibe belo ndi limodzi lomwe, aErnest akumwetulira kuti chaka chino tatsogola pamzere. Ndinangokhala pansi pomwepo.

Achimwene, inu munalimapo fodya, mukudziwa. Ku okushoni belo amaling'amba, ogula amapisa manja mpaka m'kati. Kachingwe ka pulasitiki kokha, nthenga ya nkhuku yokha, belo labwezedwa ndipo kalabu yonse yachita manyazi. Nanga mbendera yathunthu, yakalenso, m'belo lolembedwa nambala ya aErnest? Ndinawauza zonse. Sanandikalipire, anangokhala pajeke atagwira tsaya, ndipo bola akanandikalipira.

M'mawa mwake anathamangira ku okushoni ku Chinkhoma kuti mwina lole ikadali pamzere kunja kwa geti, koma anaipeza italowa kale. Fodya wathu agulitsa Lolemba. Akaipeza mbenderayo, sindidziwa ngati aitaya kuzinyalala kapena aipereka kupolisi. Akapanda kuipeza, ipita ndi fodyayo kufakitale, makina akaiduledule. Chinthu chimene bambo asunga kuyambira ife tisanabadwe, ndachitaya ine ndi manja angawa, ndipo ndikuopa kwambiri.

Dzulo bambo anaitanitsa sutikesi yawo. Ndinati makiyi sindikuwaona. Anandiyang'ana ndi maso awo ofooka aja n'kundikumbutsa kuti sutikesiyo sinakhalepo ndi loko. Ndinagwada n'kuwafotokozera, misozi ili chuchuchu. Kenaka anafunsa ngati ndinaipinda dzuwa lili m'kati monga achitira iwo. Ndinati eya.

"Chabwino," anatero. "Undichapire jekete. Lolemba ndikaima pambali pa belolo. Akaitulutsa ndikawauza kuti ndi yanga, ndinaikweza ndine. Akafuna womanga amange ine, mkamwiniyu alibe mlandu."

Ndinawakumbutsa za mwendo, kuti ngakhale kutchalitchi sakufikanso. AErnest anali panja, chapatali ndithu monga achitira mkamwini, koma anamva. Mukuwadziwa, chikwatire ine sanakhalepo pamphasa imodzi ndi apongozi awo. Anakhosomola, n'kuyankhula nkhope ili kumbali.

"Bambo, ndikukwezani panjinga mpaka pa Mtunthama, tikakwere matola. Nambala ili pabelopo ndi yanga, tikaima tonse."

Pamene ndikulemba pano akumangirira pilo pakaliyala. Munthu yemwe uja amati tiitenthe.

Sindikupempha kanthu, achimwene, koma kuti mudziwe, poti ndinu mwamuna wamkulu pakhomo pano ngakhale muli kutali. Kalatayi ikupezani Lolemba litadutsa kale. Mukangowerenga, imbani panambala ya aMiriam a kugolosale. Akakandiitana, ndiye kuti zinayenda. Akayankha okha, mudziwe kuti ndili kupolisi ku Boma ndi chakudya cha anthu awiri.

Mundiperekere moni kwa alamu anga aGoodness ndi ana, muwauze atikumbukire m'mapemphero. AErnest akupereka moni. Bambo nawonso akupereka moni, ati musadandaule, ku Chinkhoma anapitako kalekale, akufuna akaoneko. Ndawafunsa ngati ndiwalongedzere bulangete, mwina sabwerako tsiku lomwelo. Ati ndilongedze.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Lefina